Wetsuit yatsopano ikundifinya: kodi ndalakwitsa saizi?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akukonzekera triathlon yake yoyamba, ija ya mtunda wa Olimpiki: kusambira makilomita 1.5, kupalasa njinga makilomita 40, kenako kuthamanga makilomita 10. Nkhani yake ndi ya wetsuit, chovala chothina chosambirira m'madzi ozizira. Ndafupikitsa zimene alemba:

"Ndagula wetsuit pa intaneti, ndipo saizi ndinasankha motsatira tchati chawo. Itafika ndinalimbana nayo pafupifupi theka la ola m'chipinda, thukuta lili kamukamu. Zipi anachita kunditsekera mwana wanga. Nditaima pagalasi ndinkangomva ngati munthu wandikhala pachifuwa, khosi likuthina, manja akukana kukwera m'mwamba. Kodi ndalakwitsa saizi? Ndiibweze masiku asanathe?"

Achemwali, musaibweze kaye. Mmene mwafotokozeramu, ine ndikukayika zoti vuto ndi saizi. Ndikuona ngati sutiyo simunaikweze kufika pamalo pake, ndipo ambirife tinayambira pomwepo. Ine tsiku loyamba ndinaivala mozondotsa, zipi ili pachifuwa ngati jekete, n'kumadabwa kuti bwanji mawondo akukana kupinda. Poivula mokwiya ndinaibaya ndi chikhadabo pantchafu, panatsala kabala kooneka ngati mwezi wongotuluka kumene. Suti isanalaweko n'komwe madzi.

Muyambe mwadziwa kuti chovala chimenechi anachipanga kuti chizithina. Nsalu yake ndi neoprene, mtundu wa labala wodzaza ndi timathovu ta mpweya tosaoneka ndi maso. Timathovuti ndi timene timatchinga kuzizira, komanso timene timakuyandamitsani. Hugh Bradner, katswiri wa sayansi wa ku yunivesite ya California ku Berkeley amene anapanga wetsuit cha m'ma 1952, anazindikira kuti munthu safunika kukhala wouma kuti afunde. Timadzi tochepa tikalowa n'kukhazikika pakhungu, thupi limatitenthetsa, nkhani yatha. Koma suti ikakhala yokhwepa, madzi amangolowa ndi kutuluka, amene mwawatenthetsa aja amapita, pamabwera ozizira. Komanso imatunga madzi kumsana ndi m'khwapa, ndiye mumasambira mukukoka thumba. Choncho suti imene mwaivala mosavuta m'mphindi ziwiri, n'kumamva bwino mutakhala pampando, kawirikawiri ndi yaikulu.

Ya triathlon imasiyananso ndi ya anthu osewera pamafunde kapena odumphira pansi pa nyanja. Dan Empfield, amene anayambitsa kampani ya Quintana Roo mu 1987, ndiye anayamba kupanga suti yoganizira munthu wosambira pampikisano. Nsalu siikhala yofanana thupi lonse. Pachifuwa ndi pantchafu imakhala yochindikala, mpaka mamilimita 5 pomwe malamulo a mpikisano amalekezera, kuti chiuno ndi miyendo zisamire. M'mapewa ndi m'khwapa imakhala yopyapyala, mamilimita awiri kapena kucheperapo, kuti mkono uzizungulira momasuka. Ndiye taganizirani: ngati suti yonse yatsikira m'munsi ndi masentimita asanu okha, chigawo chopyapyala chija sichili paphewa panu, kolala ikukokera pansi n'kumakukanikizani pakhosi, ndipo nthawi iliyonse mukakweza dzanja mukukokana ndi nsalu yochokera kumiyendo. Zonse zitatu mwadandaulazi zimatha kuchokera pamalo amodzi: m'mphechepeche.

Tiyeni tiivalenso, koma mosathamanga. Sankhani nthawi yozizirira, m'mawa kapena madzulo, thupi lili louma. Khungu la thukuta limamata neoprene, ndipo mukamalimbana nayo kwambiri m'pamenenso thukuta limachuluka. Mukaona kuti mwayamba kutentha, imani, khalani pansi, mupume. Vulani wotchi ndi mphete. Zikhadabo muwenge, kapena muvale timagolovesi tansalu timene makampani ena amaika m'bokosi momwemo. Mkati muvale chovala chomwe mudzavale pampikisano, osati china, chifukwa nachonso chimatenga malo.

Tsegulani zipi yonse, ndipo ikhale kumbuyo. Pindani chigawo cham'mwamba kuti chigwere kunja mpaka m'chiuno, muigwire ngati thalauza. Phazi muliveke jumbo ya pulasitiki kapena sokosi, mulilowetse, lidzangotsetsereka. Likatulukira, chotsani jumboyo muveke linalo. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa: amasiya mwendo wa suti pakakolo ngati thalauza la ku ofesi. Ayi. Ukwezeni upitirire kakolo ndi zala zitatu kapena zinayi, ngakhale kufika m'munsi mwa katumba ngati ndinu wamtali. Kakolo sadzazizidwa mpaka kukulepheretsani mpikisano, koma nsalu imene mwaipulumutsa pamenepo mudzaifuna m'mapewa.

Tsopano muzikweza pang'onopang'ono, kuchokera pansi. Tsinani kansalu kochepa ndi nsonga zofewa za zala, osati zikhadabo, mukakweze masentimita awiri kapena atatu, mugwirenso pamwamba pake, mukweze, choncho mpaka pabondo. Pomwe mungathe, gwirani mbali yamkati, ya nsalu yolukidwa ija, chifukwa kunja kosalalako ndi kumene kumang'ambika msanga. Mwendo wina chimodzimodzi. Mukadutsa mawondo, bwererani pansi muyambirenso, chifukwa pamakhala patatsala makwinya kuseri kwa bondo. Musaigwire m'chiuno n'kumadumphadumpha ngati mukuvala jinzi yothina. Imeneyo ndi njira yachidule yong'ambira msoko.

Musapitirire kumtunda suti isanagunde m'mphechepeche. Ndikunena kugunda kwenikweni, moti mungachite nako manyazi pang'ono. Pisani dzanja pakati pa miyendo: mukapeza mpata, kansalu kali lende ngati kamlatho pakati pa ntchafu ziwiri, ntchito sinathe. Bwererani kukatumba, mubweretse nsalu ina. Mwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu zimene kuvala konse kumatenga poyamba, zambiri zithere kumiyendo kuno. Kenako ikwezeni kumatako ndi m'chiuno, kumbuyo kukwere mofanana ndi kutsogolo.

Manja ndi nkhani yomweyo. Jumbo ija ivekeni kudzanja, lowetsani mkono umodzi, mkono wa suti upitirire pamfundo ya dzanja pomwe mumamanga wotchi. Kwezani nsalu pang'onopang'ono kudutsa pachigongono mpaka iunjikane paphewa. Kwezani dzanja m'mwamba muone m'khwapa: nsalu ikhudze khungu, pasakhale chotambasuka ngati phiko la mleme. Mukamaliza mikono yonse, weramani, mudzaona makwinya atasonkhana pamimba. Agwireni muwakwezere kuchifuwa, kenako kukhosi. Chitani zimenezi kawiri kapena katatu. Mudzamva kolala ikumasuka yokha.

Za zipi, musadandaule kuti anakutsekerani mwana wanu. Ngakhale akatswiri amapempha mnzawo pamzere woyambira, ndipo ndi njira imodzi imene anthu osadziwana amayambira kucheza m'mawa wa mpikisano. Inu bwezani mapewa kumbuyo ngati mukufuna kuti mafupa akumsana akumane, wokuthandizaniyo ayandikitse mbali ziwirizo ndi dzanja limodzi, linalo akoke zipi. Asakakamize. Ikakana, ndiye kuti nsalu ina idakali kutsogolo, alowetse manja mkati cha m'mapewa aikokere kumsana. Suti zina zipi yake imatsekera kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndiye muyang'ane kaye yanuyo musanakangane ndi mwana. Pomaliza aonetsetse kuti kachomata kapakhosi kagona bwino, mbali yokakala isakhudze khungu. Kanthu kakang'ono kameneka kakhoza kukusupulani khosi musanafike theka la mtunda, n'kudzazindikira madzulo mukusamba.

Mukavala chonchi, yesani izi muli m'chipinda momwemo. Zunguzani manja ngati mukusambira. Kokani mpweya wonse mpaka pansi pa mapapo. Ngati mukutha kudzaza chifuwa, ngakhale mukumva kuti china chake chikukanikiza, sutiyo ndi yanu. Ngati mpweya ukuthera panjira, zala zikuchita dzanzi, kapena msana ukukokedwa moti simungaime mowongoka ngakhale nsalu yagunda m'mphechepeche, pamenepo ndiye yachepadi, makamaka kutalika kwa thunthu. Ibwezeni mosazengereza. Pa tchati cha masaizi, ine ndimakhulupirira kulemera kwa thupi kuposa msinkhu, chifukwa miyendo ndi mikono ikafupika pang'ono palibe chimene chimaonongeka. Ndipo masaizi a makampani safanana. Wina amasoka moganizira munthu wa mapewa aakulu, wina wa thunthu lalitali, ndiye nthawi zina chofunika si saizi ina koma kampani ina.

Chiweruzo chenicheni chili m'madzi. Koma musanainyowetse, werengani malamulo a kumene mwagulako, chifukwa ogulitsa ena salandiranso suti yoti yalowa m'madzi. Mukatsimikiza kuti mukuisunga, pitani nayo kokasambira muli ndi mnzanu. Lowani mpaka m'khosi, kokani kolala pang'ono kuti madzi alowe, atsike mpaka kumimba. Mudzakuwa pang'ono, palibe amene sakuwa. Tulukani, madziwo atsikire kumiyendo, ndipo suti ikadali yonyowa choncho ikwezeninso m'ntchafu ndi m'mapewa. Mudzadabwa mmene ikuyendera mosavuta pathupi. Neoprene youma, makamaka imene yakhalitsa m'bokosi, imakhala yolimbirapo, ndipo imafewa ikanyowa ndiponso mukaisambira kangapo. Musayembekezere kuti idzakula ndi saizi yathunthu, koma kusiyana kwa m'chipinda ndi m'madzi n'kwakukulu.

Pali china chimene ndikufuna mudziwiretu, chifukwa anthu ambiri amanamizira suti. Mukalowa m'madzi ozizira mwadzidzidzi, thupi limadzidzimuka lokha: mumakoka mpweya mosafuna, kupuma kumakhala kwa wefuwefu, mtima umathamanga. Zimafika poipa m'masekondi oyambirira ndipo zimatsika pakapita mphindi imodzi mpaka zitatu. Onjezanipo mantha a mpikisano, anthu ambirimbiri akukuponderani ndi kukumenyani zigongono, kolala ili pakhosi, mutu umangoti suti ikundipha. Ndaonapo anthu akutsegula zipi pakati pa madzi. Zikakuchitikirani, tembenukani mugone chagada, suti idzakuyandamitsani popanda inu kuchita kalikonse, muyang'ane kumwamba, mutulutse mpweya pang'onopang'ono mpaka mtima ukhale m'malo. N'chifukwa chake sindifuna kuti tsiku la mpikisano likhale loyamba kusambira nayo. Katatu kapena kanayi musanapite, ndipo pa tsikulo, ngati akulola, lowani m'madzi msanga mumize nkhope kangapo.

Zodzola: pakani kuzungulira khosi, pamfundo za manja ndi pa akakolo. Kukhosi n'koteteza khungu, kwinako n'kwakuti suti idzavuke msanga. Gwiritsani ntchito zopangidwira ntchito imeneyi monga Body Glide. Opanga masuti ambiri amaletsa mafuta a petroleum jelly. Mukamaliza pukutani m'manja musanagwire magalasi osambirira, apo ayi mudzasambira mtunda wonse mukuona chifunga.

Funsaninso okonza mpikisano za kutentha kwa madzi, chifukwa mwina sadzakulolani n'komwe kuivala. M'malamulo a World Triathlon, bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, kwa anthu wamba osambira mamita osapitirira 1,500, wetsuit imaletsedwa madzi akafika madigiri 22, ndipo imakhala yokakamiza akatsika kufika 15.9. Ku Ironman, mipikisano ya triathlon ya mtunda wautali, malire ake ndi 24.5, n'chifukwa chake ku Kona, ku Hawaii, kumene madzi amakhala ofunda, simudzaona anthu atavala. Amayeza m'mawa wa tsiku lomwelo, choncho muzoloweretu kusambira muli nayo komanso mulibe.

Kuvula n'kosavuta, bola muyeserere. Mukangotuluka m'madzi matulani chapakhosi, kokani chingwe cha zipi, tulutsani manja, muitsitsire m'chiuno mukuthamanga. Mukafika panjinga itsitseni kamodzi mpaka pansi pa mawondo, pondani ndi phazi limodzi, mukweze linalo. Imavuka bwino ikadali yonyowa. Kachipangizo kowerengera nthawi kamene amakumangani pakakolo kakhale mkati mwa suti, kuti kasakodwe kapena kuvukira limodzi. Kunyumba itsukuluzeni ndi madzi abwino ozizira, muyanike pamthunzi mkati muli kunja, osati padzuwa.

Ndipo mukaibaya ndi chikhadabo, monga ndinachitira ine, musataye mtima. Gulani guluu wa neoprene, tsegulani kabalako pang'ono, pakani mbali zonse ziwiri ndi kamtengo kotokosera m'mano, dikirani mphindi zochepa kuti ayambe kunanda, kenako phatikizani ndi zala n'kuisiya usiku wonse. Yanga ija ndinaimata choncho patebulo, ndipo chipsera chake chinali chikadagwira mpaka tsiku limene ndinaipereka kwa mnzanga amene ankayamba kumene. Mundilembere mukaivalanso, makamaka mundiuze ngati mpata wa m'mphechepeche uja unalipo.