Motor glider ya kiti m'galaja ya ku Chilomoni: aluminiyamu kapena fibreglass?

Funso la sabata ino lachokera kwa bambo wina wa ku Chilomoni, makanika amenenso amawotcherera zitsulo. Akufuna kuitanitsa kiti (zigawo za ndege zoti munthu amange yekha) ya motor glider, ndege ya mapiko aatali ija imene imanyamuka ndi injini, ikafika m'mwamba woyendetsa n'kuzimitsa injiniyo n'kumayandama ndi mpweya wotentha wokwera kuchokera pansi. Akufunsa ngati asankhe ya aluminiyamu kapena ya fibreglass. Kumapeto kwa imelo awonjezera kuti mabauti, mapaipi a mafuta ndi guluu adzagula ku Limbe kuti ndalama isapite yambiri. Achimwene, mawu omalizawa ndi amene andikhudza, ndiye tiyambire pomwepo.

Bauti ya ndege kawirikawiri ndi ya mtundu wa AN, yoyezedwa mu mainchi, ndipo mazinga ake ndi aafupi dala. Cholinga n'chakuti gawo losalala la bauti likhale m'kati mwa bowo n'kusenza katundu, mazinga atulukire kunja kokha kumene kuli nati. Bauti ya m'sitolo nthawi zambiri imakhala ndi mazinga mpaka kumutu. Injini ikamanjenjemera, mazingawo amadya bowo la aluminiyamu pang'onopang'ono, bowo limakula, ndipo mng'alu umayambira pamenepo, pamalo pamene diso silifika. Kumanganso kuli ndi muyeso: AN3, imene ndi 3/16 inchi, imafuna ma inch-pound (muyeso wa mphamvu yomangira nati) 20 mpaka 25 basi. Dzanja lozolowera manati a matayala limapyola muyesowu lisanazindikire. Pa nkhani iyi sindigonja. Chilichonse chogwira phiko, mchira, injini kapena zowongolera chichokere mu kiti kapena kwa ogulitsa zida za ndege, ndipo poitanitsa onjezerani mabauti, marivet ndi manati apadera, chifukwa kudikira kaphukusi kamodzi kochokera kunja kungakuimitseni mwezi wathunthu.

Mapaipi a mafuta ndiye nkhani yaikulu kuno kwathu. Petulo wa pa filling station amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. A Rotax, opanga injini za ndege zing'onozing'ono, amalola ethanol wosapitirira 10 peresenti mu injini yawo ya 912, choncho muyenera kumayeza nokha. Tengani botolo lokhala ndi mizere ya muyeso, thirani madzi 10 ml, onjezerani petulo 90 ml, khutchumulani, dikirani mphindi zingapo. Ethanol amathawira m'madzi, ndiye mzere wa madzi umakwera. Ukafika cha pa 19 ml, petuloyo ali m'malire, ukapitirira pamenepo musathire mu ndege. Ethanol amaononga mapaipi a rabala wamba, amafewetsa mathanki ena a fibreglass, ndiponso amakoka chinyezi. Motor glider imakhala masabata itaimikidwa, ndipo nthawi ya dzinja madzi amasonkhana pansi pa thanki. Musananyamuke tulutsani petulo pang'ono pa kampopi ka pansi pa thanki, muyang'ane ngati muli madzi.

Tsono ku funso lenileni. Pa za aluminiyamu, yodziwika ndi Xenos ya Sonex ya ku Oshkosh, America: mapiko pafupifupi mamita 14, imayenda mamita 24 kutsogolo pa mita imodzi yotsika, injini yake kawirikawiri ndi AeroVee ya 80 hp (horsepower, muyeso wa mphamvu ya injini) yochokera ku injini ya Volkswagen, kapena Jabiru. Pa za fibreglass pali Sinus ya Pipistrel ya ku Slovenia, mapiko pafupifupi mamita 15, injini Rotax 912, ndi pulopela yotembenuza masamba ake kuti isakoke mphepo injini ikazima. Palinso Europa ya ku England ya mapiko aatali. Zafibreglass zimayandama bwino kuposa Xenos, zimenezo palibe wotsutsa.

Koma epoxy, guluu amene amamatira ndi kulimbitsa fibreglass, ndi wovuta kumusamala mu Blantyre. Amasakanizidwa poyeza pa sikelo mpaka pa galamu, osati ndi maso. Mu Okutobala amauma mu kapu musanamalize kupaka, mu Juni chiperoni chikagwa amachedwa kulimba, ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi chinyezi chimasiya mafuta oterera pamwamba pake, moti chimene mwamatapo sichigwira bwino. Kunja kumaoneka kosalala, kufooka kuli m'kati. Zigawo zina zimafunanso kutenthetsedwa maola ambiri osadukiza kuti zilimbe, ndipo magetsi akathima pakati ntchitoyo yaonongeka. Ndege yotere iyeneranso kukhala yoyera, chifukwa utoto wakuda padzuwa lathuli umatenthetsa phiko mpaka epoxy kufewa.

Aluminiyamu alibe nazo ntchito nyengo. Mumaboola ndi choboolera cha nambala 40, kugwiriza ndi macleco (timapini togwira zitsulo mongoyembekezera), kukulitsa bowo ndi cha nambala 30 pa rivet ya 1/8 inchi, kumasula zonse, kupala m'mphepete mwa bowo lililonse, kenako kumanga. Bowo litalikirane ndi m'mphepete mwa chitsulo kawiri kukula kwa rivet. Mukalakwitsa zimaoneka, mumaboola rivetyo n'kuikapo ina. Kuwotcherera kwanu kuno sikugwira ntchito kwenikweni, phiko siliwotchereredwa. Chofunika ndi kuleza mtima kwa maola opitirira 1,000.

Za kuuluka kwake

Anthu ambiri amagula motor glider poganiza kuti injini idzawapulumutsa mpweya wokwera ukatha. Maganizo amenewa ndi amene amapha. Injini yozizira ikhoza kukana kulira, batire ikhoza kufooka, ndipo nthawi yonse imene mukulimbana nayo ndege ikutsika. Ilizeni mukadali mamita 600 pamwamba pa nthaka, muli pamalo oti ikakana mutha kufika potera. Pa pepala, 24:1 ya Xenos ija ikutanthauza makilomita 24 kuchokera pa mamita 1,000. Inu muziwerengera theka lake. Ndipo poti n'kutera mozungulira Blantyre mpochepa: minda ndi ing'onoing'ono ya mizere, muli zulu, mitengo ya mango, mawaya a magetsi, ndi ana othamangira kudzaona. Phiko la mamita 14 likakola udzu mbali imodzi, ndege imazungulira pomwepo.

Kutentha nakonso kumaba mphamvu. Chileka ili pa mamita pafupifupi 780, koma masana a 33°C ndege imamva ngati ili pa mamita 1,600, ndipo 80 hp imatsala cha m'ma 68. Masiku amenewo ndi omwenso mpweya umakwera bwino, akamvuluvulu ali ponseponse, akabawi akuzungulira osakupiza mapiko, koma utsi wa moto wa tchire umabisa Michiru ndi Ndirande. Mvula ikayamba, mtambo wabwino wa 11 koloko umasanduka wa mabingu pofika 2 koloko.

Yankho langa, achimwene, ndi aluminiyamu. Koma musanalipire kalikonse, lemberani a Civil Aviation muwafunse zimene amafuna kuti ndege yomanga nokha ilembedwe pa 7Q, chizindikiro cha ndege za Malawi, ndi amene adzaiyendere ikumangidwa, ndipo yankho likhale lolembedwa. Pitani kaye mukaphunzire glider, ndege yopanda injini, ku South Africa kuli makalabu ku Potchefstroom ndi ku Orient pafupi ndi Magaliesburg. Funsani kutalika kwa bokosi la kiti, poti kontena ya mapazi 20 m'kati mwake ndi mamita 5.9 okha, ndipo muwerengere msonkho wa MRA ndi thiransipoti yochokera ku Beira kapena Nacala. Kenako itanitsani kiti ya mchira wokha, muimange, munthu wodziwa ndege aione, ndiye muganize za mapiko.