Mwana wanu asankhe ntchito kaye, digiri ibwere pambuyo

Achemwali, ndawerenga funso lanu. Mwati mtsikana wanu wakhoza bwino MSCE ndipo mtima wake uli pogwira ntchito m'chipatala, koma bambo ake akufuna akalembetse digiri ya Public Health pa koleji ina yoyima payokha, poti digiri ndi digiri, iposa dipuloma ya unamwino. Ine ndine namwino, ndiye ndiyankhe monga mwa zimene ndaona.

Mumufunse mwanayo funso limodzi: akufuna kugwira wodwala ndi manja ake, kapena akufuna ntchito ya zaumoyo ya mu ofesi ndi m'midzi? Ngati akufuna kubaya jakisoni, kubereketsa amayi, kuyang'anira odwala mu wodi, Public Health siimufikitsa kumeneko. Ndi maphunziro abwino ndithu, a katemera, ukhondo, miliri ngati kolera ndi kafukufuku, koma sapatsa munthu chilolezo chochiza. Namwino ndi mzamba amalembetsedwa ndi Nurses and Midwives Council of Malawi atakhoza mayeso a bungwelo, pomwe dokotala ndi clinical officer amalembetsedwa ndi Medical Council of Malawi. Popanda chiphaso chimenecho palibe chipatala chingamupatse wodi, kaya pepala lake ndi lokongola bwanji.

Izi zimandipweteka chifukwa zinachitika pakhomo pathu. Msuweni wanga anaphunzira zaka zinayi pa koleji ina mumzinda, mayi ake akugulitsa mbuzi ndi mtedza kuti alipire fizi. Tsiku lovala gauni tinavina, tinaphika mpunga ndi nkhuku. Atayamba kufunsira ntchito m'pamene anamva kuti pulogalamu yakeyo sinali yovomerezeka. Ndinamupeza atakhala pakhonde, satifiketi ili mu envulopu ya khaki pamiyendo pake, akungoyang'ana pansi. Choncho musanapereke ndi tambala yomwe, kaonani mndandanda wa NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba. Musangoona dzina la koleji, onaninso dzina la pulogalamuyo, chifukwa koleji ikhoza kukhala yovomerezeka koma maphunziro ena m'katimo ayi. Mukatero mufunsenso ku khonsolo ya anamwino ngati omaliza pamenepo amaloledwa kulemba mayeso awo.

Njira za unamwino zilipo zingapo. Digiri akhoza kuipeza ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), yomwe inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, komanso ku Mzuzu University. Malo ake ndi ochepa ndipo amayang'ana kwambiri Biology, Chemistry, Physics, masamu ndi Chingerezi, osati mapointi okha. Akapanda kusankhidwa, asaone ngati dziko latha. Makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mulanje Mission ndi St Luke's ku Malosa akhala akuphunzitsa anamwino kwa zaka zambiri, ndipo palinso Malawi College of Health Sciences. Anzanga angapo anayambira dipuloma, anagwira ntchito, kenako anabwerera kusukulu kukatenga digiri. Ena mwa iwo anadzachita Public Health yomweyo pambuyo pake, ali kale ndi chiphaso m'manja, ndipo mabungwe amawalandira bwino chifukwa wodwala amamudziwa. Bambo akewo muwauze zimenezi, kuti digiri akuifunayo sikuthawa.

Ndisakunamizeni, unamwino suli ndi ntchito yodikira pakhomo. Alipo anamwino omaliza maphunziro amene akhala miyezi, ena zaka, akudikira kuti boma liwalembe. Ndipo ntchitoyo njolemetsa. Usiku wa naiti umakhala wautali, mabedi odzaza, ena atagona pansi, iwe ukusintha nsalu za gogo amene wadziipitsira, kwinaku mwana akulira kuti drip yatuluka. Ndiye mwana wanuyo akayese kaye. Wachibale akagonekedwa, iyeyo akakhale gadiyani masiku awiri kapena atatu, aone fungo, magazi ndi kutopa kwake. Akabwerako akunenabe kuti ndi zomwezo akufuna, musamukhotetse.

Za ndalama, akasankhidwa ku yunivesite afunsire msanga ngongole ya maphunziro ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, osadikira sukulu itatsegulira. Mundiuze magiredi ake a sayansi ndi masamu, ndikuuzeni makoleji amene angayesere chaka chino.