Tafunsani Timve: Kodi Etxeberria, Echeverría ndi Etcheverry Ndi Apachibale?

FUNSO: Akonzi, ine mpira ndinayamba kuukonda ndili mnyamata. Kale ndinkachita chidwi ndi Marco Etcheverry wa ku Bolivia, kenako ndinadzamva za Joseba Etxeberria wa timu ya Athletic Bilbao ku Spain. Tsiku lina mwana wanga akuwerenga za kusukulu anandionetsa dzina la mtsogoleri wakale wa dziko la Mexico, Luis Echeverría. Tinatsutsana mpaka usiku. Iye akuti ndi maina atatu osiyana, ine ndikuti ndi dzina limodzi ndipo anthuwa ndi a magazi amodzi. Tiweruzeni. Dzinali linachokera kuti, nanga ndi lofala motani?
Bambo wa ana anayi

YANKHO: Bambo, pa za dzina mwalondola ndinu, mwana wanuyo avomereze. Koma pa za magazi ndiye mwaphonya, ndipo nkhani yokoma yagona pomwepo.

Dzinali ndi la anthu a mtundu wa Basque. Kwawo ndi kumadzulo kwa mapiri a Pyrenees, m'mphepete mwa nyanja, ndipo malire a Spain ndi France anawadula pakati: zigawo zinayi, Bizkaia, Gipuzkoa, Araba ndi Nafarroa, zili ku Spain, zitatu zili ku France. Chiyankhulo chawo, Euskara, chilibe mbale pakati pa ziyankhulo zimene zikuyankhulidwa lero, ndipo chinalipo kale Aroma asanafike kuderalo. M'chiyankhulocho etxe ndi nyumba, berri ndi chinthu chatsopano. Etxeberria ndiye kuti "nyumba yatsopano ija". Zilembo za tx zisakuopseni, amazitchula ngati tch wa mu "tchire".

Tsono chifukwa chiyani munthu atchedwe nyumba? Kumidzi ya Abasque nyumba ya pafamu, imene amaitcha baserri, inali ndi dzina lakelake ngati munthu. Ndi chinyumba chachikulu cha miyala ndi matabwa, denga lotambalala la matailosi ofiira, ng'ombe ndi nkhosa pansi, udzu wouma wa ziweto m'mwamba, banja lonse pansi pa denga limodzi lomwelo. Zambiri, makamaka mbali ya France, zili ndi mwala pamwamba pa khomo pomwe anagobapo chaka ndi maina a omanga. Ina yotchedwa Igartubeiti ku Gipuzkoa, yomangidwa m'zaka za m'ma 1500, idakalipo ndipo anthu amakaona makina ake akale a matabwa ofinyira maapozi. Nyumba iliyonse inalinso ndi malo ake m'tchalitchi, pamwamba pa manda a makolo ake, pomwe mayi wa nyumbayo ankakhala pa mapemphero.

Anthu ankabadwa n'kumwalira, nyumba n'kukhalabe. Pamudzi munthu ankadziwika ndi nyumba imene akukhala, moti mwamuna akakwatira mwana wamkazi wolowa nyumba, anthu ankamuitana dzina la nyumba ya mkaziyo. Maina ambiri achibasque ali choncho, amangokuuzani pomwe nyumba inali. Goikoetxea ndi nyumba ya kumtunda, Bengoetxea ya kumunsi, Elizondo ya pafupi ndi tchalitchi, Zubizarreta ya pa mlatho wakale. Inu okonda mpira mukumbukira goloboyi uja Andoni Zubizarreta, komanso Andoni Goikoetxea amene anathyola Maradona kakolo mu 1983.

Apa mwaona kale pomwe chibale chija chikuthera. Nyumba yatsopano imamangidwa paliponse. Mudzi uno unali ndi Etxeberria wake, kutsidya kwa phiri kunali winanso, ndipo mabanjawo sankadziwana n'komwe. Si dzina la mfunda lochokera kwa kholo limodzi. Anthu awiri a dzinali angakhale apachibale pokhapokha atafufuza n'kupeza kuti makolo awo anatuluka m'nyumba imodzi, m'mudzi umodzi.

Kusiyana kwa kalembedwe kunabwera ndi alembi. Msonkhano wa Mpingo wa Katolika wa ku Trent, umene unatha mu 1563, unalamula kuti maparishi azilemba maubatizo ndi maukwati m'mabuku, ndipo pang'onopang'ono dzina la nyumba linasanduka dzina la banja lopatsirana. Koma Euskara panthawiyo chinalibe kalembedwe kamodzi. Wolemba m'Chisipanishi ankalemba Echeverría, poti kwa iwo b ndi v zimamveka chimodzimodzi. Wolemba m'Chifalansa ankalemba Etcheverry kapena Etcheberry. Ku Bizkaia amati barri m'malo mwa berri, n'chifukwa chake kulinso Etxebarria ndi Echevarría. Kalembedwe kogwirizana ka chiyankhulochi kanadzakhazikitsidwa mu 1968, pa nthawi imene boma la Francisco Franco, wolamulira Spain, linkachipondereza. Franco atamwalira mu 1975 zinthu zinayamba kumasuka, ndipo lamulo la ku Spain la mu 1999 linalola munthu kusintha kalembedwe ka dzina la banja kuti kagwirizane ndi chiyankhulo chake. Choncho zimatheka agogo kukhala Echeverría m'mapepala, mdzukulu n'kukhala Etxeberria.

Pa za kufala, pakati pa maina ochokera m'Chibasque ili ndi limodzi mwa otchuka kwambiri, makamaka ku Gipuzkoa ndi Nafarroa. Komabe musaganize kuti mukafika ku Bilbao aliyense ndi Etxeberria. Maina ngati García ndi Fernández ndi amene achuluka kuposa, mwa zina chifukwa mafakitale achitsulo anakoka anthu ochuluka ochokera m'zigawo zina za Spain.

Kunja linafika chifukwa cha nyumba yomweyo. Mwambo unali woti famu isagawidwe, aitenge mwana mmodzi yekha. Otsalawo ankayenera kudzionera: ena unsembe, ena ntchito za panyanja, ambiri ulendo wa ku America. Ndiye mudzalipeza ku Argentina, Chile, Uruguay ndi Mexico, komwe Luis Echeverría analamulira kuyambira 1970 mpaka 1976. Ku Colombia lafala ngati Echeverri. Ena anakaweta nkhosa ku California, Nevada ndi Idaho. Za Joseba uja, ine ndimamukumbukira pa chinthu chimodzi: chaka chake chomaliza ku Athletic Bilbao, asanapume mu 2010, anasewera osalandira malipiro.

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna anabatizidwa dzina la Xavier. Wina wandiuza kuti dzinali si la m'Baibulo. Nanga linachokera kuti?
Mayi wa Xavier

YANKHO: Mayi, amene anakuuzaniyo sananame, ndipo funso lanu lafika sabata yabwino chifukwa yankho lake lili m'bwalo lomweli. Xavier ndi dzina la malo ku Nafarroa, komwe kuli nyumba yamalinga imene Francis Xavier anabadwiramo mu 1506. Akatswiri a maina amati linachokera ku mawu omwe aja a "nyumba yatsopano", atatha kukhukhuzika m'kamwa mwa anthu. Bambo ake anali Juan de Jasso, koma nyumbayo inali ya kuchikazi, kwa mayi ake María de Azpilicueta, ndipo dziko lonse limamudziwa ndi dzina la nyumbayo, osati la bambo.

Iyeyu anali mmodzi mwa oyambitsa chipani cha ansembe a Jesuit pamodzi ndi Ignatius wa ku Loyola, Mbasque mnzake. Anafika ku Goa, m'dziko la India, mu 1542, ku Japan mu 1549, ndipo anamwalira mu 1552 pa chilumba cha Shangchuan akudikira kulowa m'dziko la China. Atalengezedwa kukhala woyera mu 1622, makolo anayamba kutcha ana awo dzinali: Javier m'Chisipanishi, Xavier m'Chifalansa, Xabier m'Chibasque. Xabi Alonso wa mpira uja dzina lake lonse ndi Xabier. Tsiku lokumbukira woyerayu ndi 3 Disembala, ndipo Abasque anasankha tsiku lomwelo kukhala lokondwerera chiyankhulo chawo, choncho mnyamata wanuyo muzimuphikira kabwino pa tsikulo.