Kambalame kachikasu ka m'phiri la Dedza

Achimwene, mwafunsa za kambalame ka mutu wotuwa ngati phulusa ndi chifuwa chachikasu komwe munakaona pokwera phiri la Dedza, komanso ngati mungathe kukagwira n'kumakaweta pakhomo. Mmene mwakafotokozeramu, kameneko m'mabuku a mbalame amakatcha white-starred robin. Dzinali linabwera chifukwa cha timadontho toyera, tiwiri pamwamba pa maso ndi kena pakhosi. Kapakhosiko kamabisala m'nthenga, mumakaona bwino kambalameko kakamaimba kapena kakadzidzimuka.

Zoweta zija, chonde ayi. Si nkhunda yoti mungaiwazire gaga. Moyo wake wonse uli pansi pa mitengo yachilengedwe yosagwa masamba, pamthunzi ponyowa pomwe masamba amaolerana. Pamenepo m'pamene kamapeza akangaude, mphutsi, tizilombo tina ndi tizipatso ta m'tchire. M'khola sikangakhalitse.

Mukafuna kukaonanso, funafunani linthumbu. Ine tsiku lina m'mawa, chifunga chisanachoke, ndinapeza linthumbu litadzaza njira yodutsa m'kachigwa. Ndinakhala pamwala chapatali, miyendo nditaikweza. Posakhalitsa tinabwera tiwiri, n'kutera pa nthambi yofika m'bondo. Kamodzi kanali phee kuyang'ana pansi, kenako tsuu, katola chiwala chothawa linthumbu, n'kubwerera panthambi pomwepo, mchira ukutambasuka kuonetsa chikasu m'mbali ndi chakuda kunsonga. Kamadalira linthumbulo kuti likavumbulutsire zakudya. Ndinaiwala ndi kuzizira komwe.

Kamaswa mvula ikamayamba. Chisa kamamanga pansi penipeni, patsinde pa mtengo kapena m'mbali mwa chiunda, ndi masamba ouma ndi ndere, chofoleredwa pamwamba, khomo lili m'mbali. Mazira amakhala awiri kapena atatu basi. Anawo akamatuluka sakhala ngati makolo awo, amakhala amathothomathotho, moti ambiri amaganiza kuti ndi mbalame ina. Nyengo yozizira, mu June ndi July, tambiri timatsikira kumunsi kotentherako, m'nkhalango za m'mbali mwa mitsinje, ndiye mukapita nthawi imeneyo n'kukasowa musadabwe.

Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti phirili n'lalitali ndithu, mamita pafupifupi 2,200, koma nkhalango yomwe kambalameka kamafuna inatsala zigambazigamba m'zigwa ndi chakumtunda. M'minda ya paini pansi pamakhala pouma, chomwe kangatole n'chochepa. Moto wa mu September ndi October ukalowa m'zigambazo umanyeketsa masamba omwe kamadyeramo ndi kumangira chisa. Anyamata a malegeni ndi ulimbo nawonso sakasiya, pomwe nyama yake siikwana n'komwe mbamu imodzi ya nsima.

Pitaninso mu November kapena December, m'mamawa, muvale zosawala, ndipo mukhale pansi osayankhula. Muzimvetsera kakhweru kofewa kobwerezabwereza kochokera m'ziyangoyango. Mukaponda pambali pa njira muziyang'ana pansi, chisa chake chimaoneka ngati kamulu ka zinyalala.