Chaka choyamba ku Glasgow: mapepala, ndalama, mdima ndi nyumba za zaluso

Inu amene mwangofika kumene ku Glasgow kudzaphunzira, sabata ziwiri zoyambirira zithere pa mapepala, tauni mudzaiona bwino pambuyo pake. Lembetsani kwa GP (dokotala wa m'dera) wapafupi ndi kumene mukukhala musanadwale. Ndalama ya chipatala munalipira kale pofunsira viza, ndipo ku Scotland mankhwala amene dokotala wakulemberani salipiritsa. Pemphaninso ku yunivesite kalata yotsimikiza kuti ndinu wophunzira wanthawi zonse. Imathandiza potsegula akaunti kubanki, komanso kukhonsolo, chifukwa wophunzira wotere salipira council tax, msonkho wa nyumba wopita kukhonsolo. Mukaiwala kuuza khonsolo, bilu imabwera ndithu.

Mukachita lendi kwa munthu wamba, dipoziti siyenera kupitirira lendi ya miyezi iwiri, ndipo mwini nyumba amayenera kuisungitsa ku bungwe lovomerezeka pasanathe masiku 30 ogwira ntchito. Tsiku lolowa jambulani khoma lililonse, kapeti ndi chitofu. Potuluka, zithunzi zimenezo ndiye mboni yanu. Musayanike zovala m'chipinda chotseka mawindo: chinyezi chimabala nkhungu pakhoma, nkhunguyo imakudyerani dipoziti, imakupatsaninso chifuwa.

Za ganyu samalani kwambiri. Viza ya wophunzira digiri imalola maola 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula, kuwerenga kuyambira Lolemba mpaka Lamlungu. Simungagwire maola 30 sabata ino n'kunena kuti yamawa mugwira 10. Ntchito yodzilemba nokha ndi yoletsedwa, ndipo yambiri yoperekera chakudya panjinga kudzera pa foni ili m'gulu lomweli. Anzanu angakuuzeni kuti palibe amene amaona, koma viza ikalandidwa mudzabwerera nokha.

Nsima ndi yotheka. Ufa umapezeka m'mashopu a Afirika ndi a amwenye, wolembedwa maize meal. Cornflour wa m'masupamaketi si ufa wa nsima, ndi wokhwimitsira msuzi.

Chimene ambiri sachikonzekera ndi mdima. Mu Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa n'kulowa isanakwane 4 koloko masana. Thupi limalemera, tulo tosatha, mtima umangolakalaka kumudzi. A NHS, bungwe la boma la zaumoyo, amalangiza vitamini D, mamayikirogalamu 10 patsiku m'miyezi yozizira, ndipo a khungu lakuda monga ife chaka chonse. Koma piritsi palokha silikwanira. Muyenera kukhala ndi kopita kofunda, kowala, kwa anthu, kosafuna ndalama, ndipo apa ndi pamene nyumba za zaluso zimakhala mankhwala.

Kelvingrove Art Gallery and Museum, yomwe inatsegulidwa mu 1901, ili pafupi ndi University of Glasgow, ulendo wapansi ndithu, ndipo kulowa ndi kwaulere. Pakhomo pali bokosi la zopereka. Kuponyamo ndi kufuna kwanu, musachite manyazi kungodutsa. Masiku ambiri 1 koloko masana amaimba limba lalikulu m'holo, Lamlungu 3 koloko. Pamwamba pali chithunzi cha Salvador Dalí cha Khristu pamtanda chojambulidwa ngati ukumuonera kumwamba, chimene mzindawu unagula mu 1952. M'kati mwa yunivesite momwemo muli Hunterian, yoyambira mu 1807, nayonso yaulere. Kummwera kwa mzinda, mu Pollok Country Park, kuli Burrell Collection, ndipo Loweruka lina mutha kukwera sitima kukaona Scottish National Gallery ku Edinburgh.

Cholakwika cha obwera kumene ndi kufuna kumaliza nyumba yonse tsiku limodzi. Pakatha maola awiri miyendo imawawa, maso amatopa, zithunzi zonse zimangofanana, ndipo munthu sabwererakonso. Popeza simulipira, lowani mphindi 40 zokha pakati pa makalasi. Sankhani chipinda chimodzi ndi zithunzi zitatu. Yang'anani kaye musanawerenge kachikwangwani: kuwala kukuchokera kuti, ndani ali pakati, ndani wakankhidwira kumbali? Kenako werengani chaka ndi mmene chinthucho chinafikira kumeneko. Pa zosema ndi zoumba za ku Afirika mzere umenewu ndi wofunika koposa, chifukwa zambiri zinabwera m'nthawi ya atsamunda, ndipo muli ndi ufulu wofunsa ogwira ntchito mmene zinatengedwera.

Musakhudze chithunzi ngakhale chosema, chifukwa thukuta la m'manja limaononga utoto ndi mwala. Chikwama chakumsana chinyamuleni kutsogolo kapena chisungitseni. Kujambula ndi foni nthawi zambiri amalola, koma zimitsani fulashi. Zionetsero zapadera za miyezi yochepa ndi zomwe amalipiritsa. Onetsani khadi la sukulu, mtengo umatsika.

Dzuwa likayamba kuchedwa kulowa, cha mu Epulo, kwerani sitima pa Glasgow Central kupita ku Blantyre, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, komwe Blantyre wathu anatengera dzina. Ulendo wake sukwana theka la ola. Ku nyumba yosungiramo mbiri yake kumeneko n'kolipira, ndipo sikutsegulidwa tsiku lililonse chaka chonse, choncho onani kaye masiku ake pa intaneti musanagule tikiti.