Funsani anamwino: Wamera bere ali ndi zaka 10, kodi wafulumira?

FUNSO: Anamwino, ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 10, ali Sitandade 5. Chiyambire Juni bere lake lakumanzere latupa, ndipo madiresi a chaka chatha amufupikira onse. Apongozi anga akuti ndamufulumizitsa ndine pomudyetsa mazira, ndiye timubweze berelo ndi mthiko, apo ayi asamba msanga ndipo sadzatalikanso. Chonsecho msuweni wake wa ku Jali ali ndi zaka 14 koma sanagwebe pansi. Wadwala ndani pa awiriwa? — Mayi wa ku Matawale, Zomba

YANKHO: Mayi, mmene mwafotokozeramu, wanuyu sakudwala. Koma ndiyambe ndi mthikowo, chifukwa ndiwo wandiimitsa mutu. Musalole. Bere likayamba kumera silibwerera. Mungomupweteka mwana, mwina mpaka kumuyambitsa chotupa, ndipo aphunzirapo kuti thupi lake ndi chinthu chochititsa manyazi. Apongozi anu akunena chifukwa chomukonda mdzukulu wawo, choncho akhazikeni pansi mwaulemu.

Mtsikana amayamba kutha msinkhu pakati pa zaka 8 ndi 13, ndipo chizindikiro choyamba nthawi zambiri chimakhala bere, osati msambo. Kuyamba mbali imodzi n'kofala, linalo litsatira. Zimenezi zinayezedwa ndithu. Madokotala awiri a ku Britain, W. A. Marshall ndi James Tanner, anatsatira atsikana 192, kuwayeza miyezi itatu iliyonse, ndipo mu 1969 anafalitsa zimene anapeza. Magawo asanu a kakulidwe amene ife achipatala timagwiritsa ntchito mpaka lero amadziwika ndi dzina la Tanner. Kuchokera pamene bere layamba kufika pa msambo woyamba pamadutsa zaka ziwiri kapena kuposerako pang'ono. Wanuyu ndiye kuti angadzasambe ali ndi zaka pafupifupi 12.

Za madiresizo, ino ndiyo nthawi yake. Mtsikana amatalika mothamanga asanayambe kusamba, masentimita 8 kapena 9 pa chaka chimene wafika pachimake. Akasamba liwirolo limatsika, koma saima pomwepo: ambiri amawonjezerabe masentimita 5 mpaka 7 m'zaka ziwiri zotsatira. Chimachitika n'chakuti kumapeto kwa mafupa aatali kuli kachigawo kofewa kamene fupa limakulirapo, ndipo homoni ya estrogen, yomwe imameretsa berelo, ndi yomweyonso imatseka kachigawoko pang'onopang'ono. Pamenepa apongozi anu akhudzako choona, koma pang'ono chabe. Oyamba msanga amaposa anzawo a m'kalasi kutalika, kenako anzawo aja amawapeza, ena n'kuwapitirira. Kusiyana kwake pomaliza kumakhala kochepa, ndipo msinkhu wa inu ndi bambo ake ndiwo umalamula kwambiri.

Mazirawo musamumane. Zoona n'zakuti mwana wodya mokwanira amatha msinkhu mofulumirirapo kusiyana ndi wosowa zakudya. Ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800 atsikana ankasamba ali ndi zaka 16 kapena 17, pamene lero ndi 12 kapena 13, ndipo chachikulu chimene chinasintha ndi chakudya ndi kuchepa kwa matenda. Kunenepa kopitirira muyeso nako kumafulumizitsa. Zina ndi zakumtundu. Dzifunseni kuti inuyo munagwa pansi muli ndi zaka zingati.

Wa ku Jali uja ndimumvetsa, poti ine ndinasamba nditatsala pang'ono kukwanitsa zaka 15, anzanga onse atalangizidwa kale, ndipo ndinkalira ndekha usiku. Funsani amayi ake ngati mawere anamera. Ngati anamera, adikire. Ngati palibe chilichonse chikhalirecho anadutsa zaka 13, kapena akakwanitsa 15 asanasambe, apite naye kuchipatala. Pamafunika kuona za kadyedwe, magazi ndi matenda okhalitsa. Chimodzimodzi mwana amene wamera mawere kapena tsitsi lakumalo obisika asanakwane zaka 8, ameneyo musazengereze, kamuonetseni ku Zomba Central Hospital.

Pali chimene chimandiwawa ine mzamba. Tikati "wakula", anthu ena amamva ngati watha kukula. Ayi. Mafupa a m'chiuno amapitiriza kutambasuka ngakhale msinkhu utaima. Ndachiritsapo atsikana a zaka 14 ndi 15 amene mwana anakakamira panjira usiku wonse, ena n'kutsala ndi fistula, mkodzo ukungotuluka wokha. Lamulo lalikulu la dziko lino linasinthidwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18, ndipo ine ndinaomba m'manja. Wanuyu adzasamba akadali mwana wa kupulayimale, wosewera fulaye. Amuna a m'njira adzaona bere lokha, choncho inu ndi bambo ake mukhale maso.

Muuzeni za msambo panopa, usanamudzidzimutse ali m'kalasi, ndipo miyezi ikamadumphadumpha m'chaka choyamba kapena chachiwiri musadandaule. M'mbale mwake musasowe nyemba, bonongwe wotendera ndi matemba a ku Chilwa, chifukwa akayamba kutaya magazi mwezi ndi mwezi thupi lidzafuna ayironi wambiri. Muimikeni pa chitseko, mulembe mzere ndi pensulo pamwamba pa mutu wake, muchitenso chimodzimodzi pakatha miyezi isanu ndi umodzi, agogo ake akuona.