Mwafika ku Maryland: Yambani mwadziwa kaunti yanu

Tikamaimba foni kumudzi timati tili ku Washington, koma ambirife keyala yathu imati Maryland. Likululo linamangidwa pa malo amene Maryland inapereka, ndiye malire ake ndi msewu chabe. Mutha kukwera Metro, sitima ya mumzinda, kutsikira ku Silver Spring, osazindikira kuti mwatulukamo kale. Malamulo okha ndiwo sasokonezeka: laisensi ya galimoto, msonkho ndi sukulu ya ana zimatsata kumene mumagona.

Tsono abale anga obwera kumene, musanasainire nyumba funsani kuti ili m'kaunti iti. Kuno kaunti, chigawo chonga boma la kwathu, ili ndi mano. Sukulu za boma zimayendetsedwa kaunti ndi kaunti, ndipo iliyonse imadula msonkho wake pa malipiro anu, pamwamba pa wa Maryland ndi wa boma lalikulu. Anzathu ochuluka ali ku Montgomery ndi ku Prince George's, makaunti okhudzana ndi Washington. Ku Montgomery sukulu zake n'zotchuka koma lendi imaluma, makamaka cha ku Bethesda ndi Rockville. Muchenjerenso ndi dzina la Baltimore: mzindawo ndi boma lina, Baltimore County ndi linanso, ngakhale n'zoyandikana.

Chuma cha kuno chagona pa boma lalikulu ndi pa zaumoyo. NIH, bungwe la boma lofufuza za umoyo, ili ku Bethesda, NASA ili ndi malo ake ku Greenbelt, likulu la Social Security, nthambi yoona za penshoni, lili ku Woodlawn. Zonsezi n'zokoma kuzimva, koma ntchito zambiri za boma zimafuna nzika, ndiye musataye miyezi mukuzilembera. Khomo limene latsegukira ambiri ndi losamalira odwala ndi okalamba. Maphunziro a CNA, othandizira anamwino, satenga nthawi, koma onetsetsani kuti sukuluyo ndi yovomerezedwa ndi Maryland Board of Nursing musanapereke ndalama. Safunsa anadya phula. Mukakhazikika, makoleji ngati Montgomery College ndi njira yotsika mtengo yolowera ku unamwino weniweni. Johns Hopkins, dzina limene a ku Blantyre analiona kale pa Gulupu, kwawo ndi ku Baltimore, ndipo chipatala ndi yunivesite yake zimalemba anthu ochuluka zedi, kuyambira madokotala mpaka okolopa.

Baltimore anthu amauopa mopyola muyezo. N'zoona kuti madera ena ngovuta, ndipo mzindawu umasintha nkhope msewu ndi msewu. Koma nyumba n'zotsikirapo, ndipo sitima ya MARC imakufikitsani ku Washington pafupifupi ola limodzi. Nyumba mukaiona masana, bwererani mukaionenso usiku. Ndi mzinda wa doko, lotchuka potsitsa magalimoto ochokera kunja. Pa 26 March 2024 sitima yapamadzi yotchedwa Dali inagunda mlatho wa Francis Scott Key n'kuugwetsa. Anafa anthu 6, onse obwera ngati ife, ochokera ku Latin America, amene ankakwirira maenje pamlathopo usiku.

Mbiri ya kuno muidziwe, osati chifukwa cha mayeso a unzika okha. Angerezi oyamba anafika mu 1634 motsogozedwa ndi banja la Calvert, Akatolika ofuna malo opembedza mwaufulu. Chimene chinawalemeretsa ndi fodya, ndipo ankalima fodyayo ndi akapolo ochokera ku Africa. Harriet Tubman anabadwira ku Dorchester County, Frederick Douglass ku Talbot County, onse mu ukapolo, onse anathawa n'kukhala omenyera ufulu wa akapolo. Ukapolo unatha kuno mu 1864, ndipo zinatenga mpaka 2023 kuti Wes Moore akhale gavanala woyamba wakuda. Ndikunena izi chifukwa ndimamva ena mwa ife, tangofika dzulo, tikunyoza anthu akuda a kuno kuti ngaulesi. Lekani zimenezo. Ufulu wochita lendi paliponse ndi wolembedwa ntchito mosaona khungu anaumenyera ndi makolo awo, ndipo kuntchito kwanu amene adzakuphunzitseni zochita nthawi zambiri adzakhala iwowo.

Mukapeza tsiku lopuma, pitani ku Annapolis, likulu la Maryland, tauni yaing'ono ya misewu ya njerwa kumene kuli sukulu ya asilikali apamadzi yoyambira mu 1845. Kuchoka apo muoloke Bay Bridge, mlatho wa makilomita pafupifupi 7 pamwamba pa Chesapeake Bay. Tsidyalo ndi Eastern Shore, dziko lafulati la minda ya chimanga ndi makola a nkhuku, mpaka kukafika ku Ocean City kunyanja ya Atlantic.

Ndipo tsiku lina mnzanu wakuntchito adzakuitanani kukadya nkhanu. Musakane. Amayala pepala patebulo, n'kukhuthulirapo nkhanu zotentha zofiira ndi zokometsera za Old Bay, aliyense n'kumupatsa kahamala kathabwa. Zala zimathetheka, nyama yake n'njochepa, ndipo mudzanyamuka ndi njala, choncho mudyeretu nsima kunyumba.

Pa Bay Bridge ndi m'misewu ina yolipira palibenso wolandira ndalama pamanja. Kamera imajambula nambala, bilu n'kubwera pa positi ku keyala imene MVA, ofesi yoona za magalimoto, ili nayo. Gulani E-ZPass, kachipangizo kolipirira koika m'galimoto, ndipo mukasamuka sinthani keyala sabata yomweyo, chifukwa bilu ikapita kunyumba yakale chindapusa chimangokwera inu osadziwa.